Masiku Anayi Amene Apongozi Anga Anabisa

Funso limene ndikufuna kuyankha m'nkhani ino ndi ili: munthu akamwalira ndi matenda amene kuwatchula kwake kuli kochititsa manyazi, kodi abale ake ayenera kuwatchula pamaso pa anthu, kapena angonena kuti anadwala ndipo Mulungu wamutenga? Kale ndinkaona ngati yankho lake ndi lapafupi, poti ulemu wa womwalira umaposa chidwi cha amoyo. Maganizo amenewo anasintha tsiku limene tinaika apongozi anga aakazi m'mudzi wina kufupi ndi Edingeni. Ndifotokoza tsikulo monga linayendera.

Ndinadzuka kusanache, tambala atangolira kachiwiri. Amuna tinagona m'chigafa cha fodya, pa matumba oyala pansi, ndipo chisanu cha mvula ya mwezi wa Febuluwale chinkalowa pamodzi ndi nkhungu. Ku nyumba ya siwa amayi a mpingo amene anachezera ankaimbabe, koma mawu anali atasasa, ndipo pakati pa nyimbo ndi inzake pankapita kanthawi. Adzukulu anali akunyamuka ndi makasu, mapiki ndi zingwe. Kuseri kwa nyumba moto unali utayatsidwa m'malo asanu, ndipo popeza nkhuni zinali zonyowa, utsi unkayenda chapansi n'kumaluma m'maso. Ine kwathu ndi ku Ntchisi. Ndinabwera ku Mzimba pa ntchito ya ulangizi wa ziweto, ndipo ndinakwatira mwana wachiwiri wa malemuwo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. M'mudzimo ndine mkweni, ndiko kuti mkamwini, ndipo ntchito ya mkweni pamaliro ndi kuwaza nkhuni, kunyamula mabenchi ndi kutseka pakamwa.

Ndikupita kukasukusula ndinaona chinthu chimene sindinachimvetse msanga. Amayi ankachokera kumjigo atandondozana, ndowa zili pamutu, koma mmodzi ankayenda yekha kumbuyo. Anali nyaTembo, mkazi wa mlamu wanga. Mwamuna wake ali ku Joni ndipo sakanatha kufika nthawi yabwino. Mkaziyu ndiye ankakhala ndi apongozi anga, kuwaphikira ndi kuwasambitsa pamene anadwala. Atafika pamigolo, mayi wina anamulozera mgolo wapadera, nati madzi akewo akhale otsukira mbale.

Mkazi wanga anandipeza pankhokwe n'kundiuza chifukwa chake motsitsa mawu. Mphekesera inali itayenda pakati pa anamalira. Anthu ankadziwa kuti malemuwo anatupa m'munsi mwa mimba ndipo ankalephera kutaya madzi. Mnansi wina anali atamuona nyaTembo m'mawa katatu atanyonyomala kuseri kwa bafa la apongozi, akugwira dothi ndi zala, komanso akusuzumira m'chitini chimene iwo ankagwiritsa ntchito usiku. Kwa okhulupirira zoterezi nkhani inali itatha kale: wogwira dothi la pamene mnzake amatayira madzi afuna kumumanga. Cholinga chake sichinavute kupeza, poti malemuwo anasiya khola la ng'ombe. Abale awo a ku Engutwini, kumene anabadwira, anali atamva kale pafoni. Mkazi wanga anati nkhaniyi ikapanda kukonzedwa maliro asanatuluke, nyaTembo adzabwezedwa kwawo, ndipo ana ake awiri adzatsala, pakuti kuno ana ndi a kuchimuna.

Dzuwa likutuluka ndinaitanidwa kukhola kuti ndikaone ng'ombe yoti iphedwe. Inali yamphongo yofulidwa, yonenepa bwino, koma m'makutu, kunsi kwa mchira ndi m'mphechepeche munali nkhupakupa zokhuta, zina zazikulu ngati nsawawa. Ndinavomereza kuti iphedwe, kenaka ndinatsala ndekha nditatsamira mtengo wa khola, ndikubwereza m'mutu zimene ndinkadziwa.

Dibi yosambitsira ng'ombe ili kutali ndi mudziwo, ndipo m'dzinja mtsinje wa pakati umadzaza. Choncho apongozi ankachotsa okha nkhupakupa pa mathole, ana a ng'ombe, ndi manja, atakhala pansi pa udzu wa pafupi ndi khola. Anayamba kutentha thupi ndi kumva mutu, ndipo kwa sabata yathunthu anamwa mankhwala a kugolosale, akuti ndi malungo. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinabwereka galimoto n'kuwatengera ku chipatala chaching'ono. Mkazi wanga ndi mphunzitsi ndipo anali kusukulu, choncho tinapita atatu, iwo, nyaTembo ndi ine. Dzina lawo litaitanidwa ine ndinalowa nawo m'chipinda, nyaTembo n'kutsala pabenchi ndi chikwama. Ndinachita zimenezi ndi mtima wabwino, podziona kuti ndine wophunzira amene ndingamve bwino zonena za dokotala. Atawayeza, malungo sanapezeke. Dokotala anafunsa mafunso ake mwadongosolo, ndipo limodzi linali lakuti kodi akutaya madzi bwinobwino. Apongozi anayang'ana pansi, nakonza duku, nayankha kuti zonse zili bwino. Pamenepo n'kuti atatha kale tsiku lathunthu akungotulutsa timadontho. Mayi amene m'zaka zonsezo sanadyepo chakudya ine ndikuona sakanatha kunena za mkodzo wake ine nditaima pambali pake.

Anapirira masiku ena atatu, msana ukupweteka, miyendo ikuchita dzanzi. NyaTembo anaona kuti kukacha chitini chikumakhala chouma. Atawafunsa anamukalipira, ndipo ndiye chifukwa chake anayamba kugwira dothi la kuseri kwa bafa kuti aone ngati lanyowa. M'mawa wachitatu anaimbira foni mkazi wanga, ndipo tinawatengera ku chipatala chachikulu ku boma. Kumeneko namwino wina anandifunsa kuti wodwalayo ndi ndani wanga. Nditayankha, anati, "Ndiye tulukani, abambo. Alowe mayi uyo." Namwino ameneyo dzina lake sindilidziwa, koma ndimamuyamika mpaka lero, chifukwa anazindikira m'kamphindi chimene ine sindinachione ndi dipuloma yanga. Anawaika kachubu, mkodzo unatuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku anayi apongozi anagona tulo. Kuseri kwa ntchafu anawapeza ndi kachilonda ka nkhanambo yakuda, ndi mwanabere m'mphechepeche. Dokotala anafunsa ngati amasamala ng'ombe. Anatiuza kuti kachirombo kochokera ku nkhupakupa kayenera kuti kanafika ku mitsempha ya m'munsi mwa msana imene imalamulira chikhodzodzo. Anati zimenezi sizichitikachitika, kuti ambiri olumidwa amachira ndi mapilitsi a masiku ochepa, ndipo kuti analibe chipangizo chotsimikizira kachiromboko. Chimene anatsimikiza n'chakuti mkodzo wotsekeredwa nthawi yaitali unawononga impso, ndipo matenda analowa m'magazi. Apongozi anali achikulire, odwala kale kuthamanga kwa magazi, ndipo thupi silinathe kubwerera.

Pofika nthawi ya kadzutsa anthu anayamba kuchuluka. Ena anabwera pa ngolo, ena pa njinga, ena wapansi kudutsa m'minda ya chimanga chimene chinali chitayamba ngaiyaye. Aphunzitsi anzake a mkazi wanga anafika kuchokera ku boma pa galimoto yaing'ono yodzaza matope mpaka m'magalasi. Amayi ankayamba kulira akafika pamene panaikidwa masamba panjira, n'kukalowa m'siwa chogwada. Amuna ankavula zipewa n'kukhala pansi pa mitengo. Mwamuna wina wolumala mwendo anabwera ndi mtolo wa nkhuni zouma pa njinga, nautula kuseri, ndipo nkhuni zakezo ndizo zinapsetsa nyemba. Kumadzulo mitambo inali ikusonkhana, ndipo aliyense woyang'ana kumwamba ankanena kuti mwambo usachedwe.

Abale a ku Engutwini anafika pa lole cha m'ma teni. Sanakhale pa mabenchi amene tinawasungira. Anakhala paokha m'mphepete mwa bwalo, ndipo madzi osamba m'manja atawapititsira anawabweza. Aliyense anamvetsa tanthauzo lake. Posakhalitsa akuluakulu a mbali zonse ziwiri anapatukira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola, ndipo ine ndinaitanidwa chifukwa kabuku ka kuchipatala kanali m'thumba mwanga. Mbali ya m'mudzimo ankatsogolera anali abambo aang'ono a mkazi wanga, mng'ono wa malemu apongozi aamuna. Mbali inayo ankatsogolera anali amalume ake a mkazi wanga, mlongo wa apongozi anga aakazi, munthu wamtali wolankhula pang'onopang'ono.

"Ise sitinabwere kudzakangana, adada," anatero amalumewo. "Mlongo wathu tinamupereka kuno akuyenda ndi miyendo yake. Mutiuze chimene chamudya, mbwenu tikaike."

Onse anayang'ana ine. Ndinanena kuti madokotala anapeza kuti impso zinawonongeka. Amalume anafunsa ngati impso zimangowonongeka zokha, ndipo anafunsanso za dothi la kuseri kwa bafa. Ndinaona kuti yankho lodula silithandiza munthu. Ndinagwada, ndinayang'ana pansi, n'kufotokoza zonse kuyambira pa mathole. Mmodzi anadula mawu, nati nkhupakupa akhala nazo chibadwire ndipo sanamvepo kuti zatseka munthu. Ndinavomera kuti nanenso sindinamvepo, ngakhale ndimagwira nazo ntchito tsiku ndi tsiku, koma ndinati chimene chinapha sichinali kulumidwa kokha, chinali kuchedwa. Amalume anafunsa kuti m'chipinda cha dokotala woyamba munali ndani. Nditawauza anaseka pang'ono mopanda chimwemwe. Anati mlongo wawo akumudziwa. Tsiku limene abale anga anabwera kudzapereka malobolo, iye sanamwe madzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuopa kuti alendo angamuone akulowera kuchimbudzi.

"Ine ndamva, ndipo ndakhutira," anatero. "Koma amene akumunena mwana uja nyaTembo sali pansi pa mtengo uno. Ali uko. Mukanene uko."

Abambo aang'ono anakana poyamba. Anati chiyambire sanaonepo mkweni akuimirira pa bwalo kunena za m'chiuno mwa apongozi ake, ndipo midzi yoyandikana idzatiseka. Msuweni wina wa mkazi wanga, amene amakonda kundigemula, anati, "Musiyeni, adada, ndi Mchewa uyu. Manyazi ake anatsikira pa Jenda, basi inawasiya pomwepo." Anthu anaseka pang'ono, ndipo kusekako kunafewetsa nkhope zimene zinali zitauma.

Ndinapempha kamphindi kuti ndiganize. Njira zinalipo zitatu. Ndikanakhala chete, ulemu wa malemu ukanasungika pakamwa pokha, koma nyaTembo akanachoka ndi dzina la ufiti, n'kusiya ana. Ndikanapempha mkulu wa mpingo kuti anene m'malo mwanga, iye akanasankha mawu ofewa, ndipo pondilemekeza akanasiya mbali yanga. Koma popanda mbali yangayo nkhani inali ndi dzenje, chifukwa aliyense akanafunsa kuti munthu amene anapita kuchipatala analekeranji kunena vuto lake, ndipo dzenje lotero anthu amalikwirira ndi ufiti. Inatsala njira yachitatu, imene inali yowawa kwa ine ndekha. Ndinauza akuluakuluwo kuti ndilankhula ngati andilola.

Mwambo unayamba dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Bokosi linatulutsidwa n'kuikidwa pa mabenchi awiri pansi pa lona. Itafika nthawi ya mbiri ya matenda, abambo aang'ono anaimirira, nalengeza kuti kwa mphindi zimenezo ine sindine mkweni koma mwana wa nyumbayo, kuti wandituma ndi iwo, ndipo amene akhumudwe akhumudwire iwo. Ndikuwayamika chifukwa cha mawu amenewo. Munthu amene ankakana ola limodzi lapitalo anasenza yekha chitonzo chimene ankachiopa.

Ndinalankhula m'Chichewa, ndikusakaniza Chitumbuka pamene ndinkatha. Ndinanena za nkhupakupa, za kutentha thupi kumene sikunali malungo, ndi za kachilonda kakuda. Nditanena kuti malemuwo anatha masiku anayi mkodzo usakutuluka, amayi ambiri anakokera zitenje kumaso, ndipo bambo wina wachikulire anaimirira n'kuchoka. Ine ndinapitiriza.

"Dokotala anawafunsa, iwo anabisa," ndinatero. "Anabisa chifukwa ine ndinali m'chipindamo. Woyenera kulowa anali mkamwana wawo, ine ndinamusiya pabenchi. Dothi limene munamuona akugwira, ankafuna kudziwa ngati amama akutaya madzi. Akanapanda iye, akanafera m'nyumba muno ndi ululu, osalawirana ndi ana awo."

Ndinawonjeza zinthu ziwiri zokha. Ndinati munthu wosamala ng'ombe akatentha thupi malungo osapezeka, auze dokotala za nkhupakupa ndipo afufuze kachilonda kakuda pathupi pake. Ndinatinso mayi akaona kuti tsiku latha madzi asakutuluka, asadikire la mawa, ndipo amuna operekeza odwala aphunzire kutsala panja. Kenaka ndinakhala pansi. Panalibe woombera m'manja, ndipo sindinayembekeze kuti pakhale. Ndinayang'ana kumene kunali nyaTembo. Anali kumapeto kwa gulu la amayi, pafupi ndi migolo, mutu uli pakati pa mawondo, mapewa akugwedezeka.

Abusa atamaliza ulaliki, adzukulu ananyamula bokosi. Anthu akuimirira, mayi wina wa ku Engutwini, mng'ono wa malemuwo, anadutsa bwalo lonse mpaka pamigolo. Anamugwira nyaTembo padzanja, namudzutsa, namukokera kutsogolo, namuika kumbuyo kwenikweni kwa bokosi pamodzi ndi mkazi wanga ndi abale ake. Amayi amene m'mawa anamupatulira mgolo anapatuka kuti adutse.

Kumanda ndi mtunda wa mphindi makumi awiri, kudutsa m'mphepete mwa munda wa fodya. Njira inali yoterera, ndipo onyamula ankasinthana pafupipafupi osaimitsa bokosi. Amayi ovala zoyera anatsogola ndi nyimbo, ndipo mzere wa anthu unali wautali kotero kuti akumbuyo ankaimba ndime imene akutsogolo anali atamaliza kale. Mvula inayamba kuwaza bokosi likutsitsidwa. Adzukulu anali atakumba kuyambira mbandakucha m'dothi lomata, zovala zawo zili katondo yekhayekha, koma anakwirira mwamsanga ndi mwaulemu, akulandirana makasu popanda wowauza. Poika nkhata, woitana mayina anatchula ana, kenaka alongo, kenaka anati mkamwana. NyaTembo anagwada, naika nkhata yake, nakhala chogwadacho mpaka mkazi wanga anakamudzutsa. Mvula yamphamvu inadikira mpaka pemphero lomaliza litatha.

Titabwerera, abale a ku Engutwini anasamba m'manja nadya. Amalume anandiitana, nandipatsa chiwindi cha m'mbale yawo, nati, "Yewo chomene, mkweni." Amuna angapo anandizungulira m'chigafa pobisala mvula, akufunsa za mankhwala opopera ng'ombe, kasungunulidwe kake ndi masiku oyenera kubwereza. Tinagwirizana kuti Loweruka lotsatira ndidzabwera ndi mpope. Mkazi wanga anandiuza pambuyo pake kuti amayi awiri anamukokera pambali kufunsa za kachilonda kaja, kuti kamaoneka bwanji.

Sindinganene kuti onse anakhutira. Bambo amene anachoka ndikulankhula sanabwerere, ndipo ndinamva kuti anati mudzi wanyozeka. Mnansi amene anayambitsa mphekesera anauza ena kuti nkhupakupa nazonso zimatumidwa. Maganizo otere satha ndi mawu a tsiku limodzi. Ndiyeneranso kuvomera kuti sindikudziwa ngati apongozi akanachira ine ndikanatsala pabenchi tsiku lija. Ndinamufunsa dokotala, ndipo anayankha kuti mwayi ukanakhala waukulu, koma sangalumbire. Yankho limenelo ndidzakhala nalo moyo wanga wonse. Komabe pa funso limene ndinayamba nalo, ndinganene motsimikiza kuti matenda obisidwa pamaliro satsala opanda dzina. Anthu amawapatsa dzina lawo, ndipo kawirikawiri dzinalo limagwera munthu amene anali pafupi kwambiri ndi wodwala, ndiye kuti amene anamusamala. Ulemu umene apongozi anandipatsa unawatengera masiku amene thupi lawo linkawasowa. Sindinaone chifukwa choti ulemu womwewo utengenso mkamwana wawo.

Madzulo mvula inakata. Lole ya ku Engutwini inanyamuka, lona linatsitsidwa, mabenchi anabwezedwa kutchalitchi pa ngolo. Pabwalo panatsala mafuwa akuda, phulusa lonyowa ndi mapazi a anthu m'matope. Achibale amene anatsala kudzadikira kumeta anapita kukagona m'nyumba za pafupi. Mlamu wanga anaimba foni kuchokera ku Joni, nalankhula ndi abambo aang'ono, kenaka anapempha mkazi wake, ndipo analankhulana nthawi yaitali kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinakhala pakhonde ndi kabuku ka kuchipatala, ndikuwerenga masiku monga ndimachitira ndi zolemba za kuntchito. Kuchokera pamene thupi linayamba kutentha kufikira pamene anamwalira panapita masiku makumi awiri. Mwa amenewo, asanu ndi awiri anamwa mankhwala a kugolosale, anayi anabisa vuto lawo, ndipo asanu ndi anayi anagona m'chipatala, opanda ululu uja, ana awo akuwaona. M'khola munali ng'ombe khumi ndi imodzi, madzulo amenewo munalowa khumi. M'nyumba ya malemu, imene usiku wapitawo inadzaza mpaka pakhomo, munatsala anthu anayi: mkazi wanga, ana awiri a mlamu wanga, ndi mayi wawo, amene ndinamumva akutseka chitseko ndi kuzimitsa nyali.